Mabuku a Malemu Kalilangwe Apite Kuti?

Kalekale... koma ayi, dikirani kaye anzanga, ndiyambe ndatula zimene zandidzaza pakhosi, apo ayi ndiphulika! Chipinda chija chosungiramo makasu ndi matsache, chija chili kuseri kwa Fomu 2, ahedi atipatsa! Chikhala laibulale yathu! Mashelefu akhoma kale, fungo la penti lili guu, ndipo kiyi wake mukudziwa amene aziyenda naye? Ine! Madamu atandiuza ndinalumpha mpaka nsapato inavuka. Koma anena kuti kiyiyo sandipatsa ndisanamve kwa inu mmene mabuku tiziwasungira. Ndiye ndabwera ndi mlandu. Muwerenge mpaka kumapeto, ndipo amene ali ndi chitumbuwa m'manja ayambe wachiika pansi, chifukwa zina zili m'munomu n'zochititsa nseru.

Kalekale, ndimati, kunali mayiko atatu ang'onoang'ono oyandikana: Kumapiri, Kuchigwa ndi Kudambo. Awiri oyambawo anali tsidya limodzi la mtsinje waukulu, Kudambo kunali tsidya linalo, ndipo wolumikiza mbali ziwirizi unali mlatho umodzi wokha. Dziko lililonse linali ndi yunivesite yake, ndipo yunivesite iliyonse inali ndi laibulale yake.

Chaka ndi chaka kunkabwera akuluakulu oyesa malaibulale. Ankafika pa galimoto zozizira m'kati, kudya nkhuku, kuzungulira pang'ono manja ali kumbuyo, kenaka n'kugawa zikho. Laibulale ya Kumapiri inkalandira chikho cha kusataya buku. Ya Kuchigwa inkalandira chikho cha chitukuko. Ya Kudambo inkalandira chikho cha owerenga ambiri. Aliyense ankabwerera kwawo akudziguguda pachifuwa kuti woposa onse ndi iye, oyesa aja n'kumapita akutokosa m'mano.

Pafupi ndi mlatho uja pankakhala Dokotala Kalilangwe, amene ankachiritsa anthu a mayiko onse atatu osafunsa kwawo. Munthuyu anali ndi mabuku a zachipatala odzaza nyumba: kuchipinda mabuku, pabalaza mabuku, ngakhale pansi pa bedi mabuku. Atadwala matenda omwalira nawo, anaitana akazi awo, Mayi Nangozo.

"Nangozo," anatero, "mabuku angawa usadzawagawe. Ndi ana a mimba imodzi, lina limayankha funso la linzake. Udzawapereke onse pamodzi ku laibulale imodzi, kumene akakhale ndi moyo."

Atatero anatsikira kulichete.

Tsono nyumba ija inali itakalamba. Denga linkadontha, chiswe chinali chitayamba kukwera khoma, timvula toyamba tinali titagwa kale, ndipo mitambo inali itayambanso kusonkhana. Mabuku anayenera kuchoka mvula isanakhazikike. Oyang'anira malaibulale onse atatu anatumiza mithenga, aliyense kutamanda chikho chake. Mayi Nangozo anangopukusa mutu.

"Chikho sichiwerenga buku," anatero. "Ndikadzionere ndekha."

Anamanga mpango, kutenga ambulera, ulendo.

Anayambira Kumapiri. Anzanga, laibulale yake! Pansi pali waliwali, moti munthu n'kudziona mano. M'kati muli zii. Woyang'anira wake anali Bambo Chikadza, munthu wamtali, wowonda, makiyi ali m'chiuno kulira ngwerengwere akamayenda. Mabuku onse anali m'makabati agalasi, kabati iliyonse ndi loko wake. Mipando inali ikadali m'mapulasitiki ake a kusitolo.

"Takulandirani amayi," anatero a Chikadza monong'ona. "Chiyambireni ntchito ine, pano sipanasowe ngakhale tsamba limodzi. Mabuku a malemu adzakhala pano mpaka zidzukulu za zidzukulu zanu."

Akulankhula choncho, pakhomo panafika mtsikana wina wophunzira, kope lili m'manja.

"Bwana, ndimafuna ndione buku la mafupa. Mayeso ayandikira."

"Bweretsa manja."

Mtsikana anatambasula manja. A Chikadza anawerama n'kuyamba kununkhiza, chala chimodzichimodzi, ngati galu pa dzenje la mbewa.

"Wadya chiyani iwe?"

"Usipa, bwana. Koma ndasamba ndi sopo."

"Tuluka! Buku langa si mbale!"

Mtsikana anatuluka misozi ili lendelende. Mayi Nangozo anafunsa kuti nanga amene manja awo alibe fungo amawerenga bwanji.

"Amaima apa, manja kumbuyo," anayankha a Chikadza. "Buku ndimagwira ine, masamba ndimatembenuza ine. Akayetsemula, basi, tsiku lake latha. Amayi, wophunzira ndi chiswe choyenda ndi miyendo iwiri."

Mayi aja anapempha kuti awatsegulire buku limodzi. Litatuluka, masamba ake anali omatana mmene linachokera kwa osindikiza, fungo la mankhwala a tizilombo lili phuu. Atayang'anitsitsa pa magalasi a makabati anaona timadontho tamafuta, tambirimbiri, tonse pa msinkhu umodzi.

"Nanga izi n'chiyani?"

"Mphuno zawo zimenezo!" anatero a Chikadza monyansidwa, akutulutsa kansanza m'thumba. "Amadzagunditsa nkhope pagalasi kuti awerenge zapachikuto. Ndimapukuta tsiku lililonse, koma sakumva."

Asa! Mayi Nangozo anatuluka. Ali panjira ankadzifunsa kuti, kodi kumene ndachokaku ndi kulaibulale kapena kumanda opaka laimu?

Kuchoka apo anatsetserekera Kuchigwa. Kumeneko anawalandira Bambo Kamtedza, mwamuna wachinyamata, suti yonyezimira, mafuta onunkhira akumveka munthu asanafike. Nyumba yake inali yatsopano, yamagalasi okhaokha. Koma mashelefu anali mbee, opanda kanthu.

"Mabuku ali kuti, mwanangu?"

A Kamtedza anaseka. "Amayi, pepala ndi zachikale. Bwerani muone chitukuko."

Anawatengera m'chipinda chakumbuyo. M'menemo munali chimpeni chachikulu chokhala ndi chogwirira, ndi makina ena onga bokosi. Wantchito anatenga buku lonenepa, lokongola, kuligoneka pansi pa chimpeni chija, khaa! Msana wa buku unagwera uko, masamba onse balala. Kenaka anawalowetsa m'makina aja, makina n'kumameza limodzilimodzi.

"Makinawa amajambula tsamba lililonse n'kulisunga m'kompyuta," anatero a Kamtedza. "Akatero timatha kulitumiza pa waya kulikonse kumene kuli makina olandirira. Buku limodzi, owerenga dziko lonse nthawi imodzi. Namwino ali kumudzi kutali amawerenga zomwe akuwerenga pulofesa pano."

"Nanga masambawo akatuluka m'makinamo amapita kuti?"

A Kamtedza analoza pawindo. Anzanga, kuseri kuja kunali mulu wa zikuto ndi misana ya mabuku, ngati nthenga pamalo ophera nkhuku za ukwati. Pambali pake wophika tiyi wa ogwira ntchito ankasonkhezera moto ndi masamba a buku la matenda a ana. Ndithu, kufunyafunya tsamba, kuponya pamoto, ketulo n'kumawira!

Mayi Nangozo anagwira pamtima. "Chabwino. Ndionetseni buku limodzi m'kompyutamo."

Apo a Kamtedza anakanda m'mutu. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. M'chipinda chowerengera ophunzira anali ndii, aliyense patsogolo pa kompyuta yakuda bii, kumangodziyang'ana nkhope yake.

"Akayaka timawerenga kuposa aliyense, agogo," anatero mnyamata wina. "Koma akayaka."

"Nanga iyo yafundidwa nsaluyo?" anafunsa Mayi Nangozo, akuloza kompyuta ina pakona.

"Imeneyo inaombedwa ndi mphenzi chaka chatha," anayankha a Kamtedza mosatekeseka. "Mabuku amene anali m'menemo anapita nayo. Musadandaule amayi, chitukuko chimakhala ndi maliro ake."

Mayi aja anatuluka akulavula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Potsiriza anawoloka mlatho kupita Kudambo. Laibulale ya kumeneko sanachite kufunsa njira, phokoso lake linawalondolera. Chitseko panalibe, anachizula kalekale. Ophunzira anali mbwee: pamipando, pansi, pamasitepe, pamawindo, ena atatsamirana misana, wina akuyamwitsa mwana buku lili pabondo. Ankatsutsana, kufunsana, kulozerana zithunzi. Woyang'anira wake, Mayi Ndaziona, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Fikani amayi, fikani! Iwe, chotsa miyendo alendo adutse! Pano sititseka, sitifunsa munthu kwawo, sitinunkhiza manja ngati achimwene anga a Kumapiri. Madokotala ambiri a mayiko atatuwa anaphunzirira pansi pomwe mwapondapa."

Mayi Nangozo mtima unayamba kutsika. Koma fungo, anzanga, fungo! Thukuta, masokosi, ndiwo zadzulo. Anatola buku limodzi pashelefu. Polekezera pake wina anali ataikapo chikhokho cha mango, chonyowa, chitamera kale nkhungu. Anatola lachiwiri, munagwa minga ya nsomba ndi mphemvu zitatu zamoyo. Lachitatu masamba ake anali omatana ndi chingamu, ndipo pakona pake panali chinthu china chouma, chobiriwira, chimene chinachokera m'mphuno mwa munthu. Ndinakuuzani kuti muike chitumbuwa pansi!

"Bwanji bukuli likudumpha kuchoka pa mutu woyamba kufika pa wachinayi?"

"Ndi nyengo ya mayeso imeneyo," anaseka Mayi Ndaziona. "Aliyense amang'amba mutu umene ukumuvuta kuti akawerengere kogona. Ena amabisa buku lonse kudenga kuti anzawo asalione. Ana ndi ana."

Mayi Nangozo anapempha njira ya kuchimbudzi. Atabwerako nkhope inali itasintha. Pamsomali wa m'chimbudzimo panali patakolekedwa theka la buku la matenda a mtima.

"Mayi Ndaziona, simuchita manyazi?"

"Walira mvula walira matope, amayi. Mukufuna owerenga, landirani ndi zala zawo zomwe. Buku loyera ndi buku lamasiye. Koma mwayenda ulendo wautali, idyani kaye."

Anakuwira mayi wina amene ankagulitsa zakudya pamasitepe a laibulale pomwepo. Kunabwera mbatata ndi bowa wokazinga, woyamba wa chaka chimenecho, atakulungidwa m'tsamba la buku lokhala ndi chithunzi cha matumbo a munthu. Mayi Nangozo ananyansidwa, koma njala inali itawapota. Anatseka maso n'kudya.

Dzuwa lisanapendeke, m'mimba munayamba kuwadula. Anasanza, kutuluka thukuta, maso kuchita chidima, kenaka anagwa pakati pa ophunzira, khu! Nthawi yomweyo kumwamba kunang'ambika. Mvula inagwa yoti sinaonekepo, mtsinje unasefukira, mlatho uja n'kukokoloka.

Tsono tamverani zimene aliyense wa atatuwa anachita.

Mayi Ndaziona sanadikire galimoto. Anabereka Mayi Nangozo kumbuyo ndi chitenje, n'kuthamanga nawo m'matope mpaka kuchipatala, masanzi akuwatsikira m'khosi. Atawatula anabwereranso m'mvula momwemo kukasaka wogulitsa uja, n'kubwera ndi bowa wosaphika wotsala m'dengu. Dokotala amene anawalandira anali Siyeni, mwana wa mayi wogulitsa nsomba. Siyeni ameneyu pa nthawi ya maphunziro ake analibe pogona, ndipo anali Mayi Ndaziona amene ankamulola kuyala mphasa pakati pa mashelefu, kudya momwemo, kuwerenga mpaka maso kufiira. Atangowaona odwalawo anadziwa chochita kuti mtima usaime. Kenaka anatembenuza bowa uja m'manja, nkhope n'kugwa.

"Amayi," anatero kwa Mayi Ndaziona, "pali mitundu iwiri ya bowa woipa yofanana ngati mapasa. Mankhwala a mtundu wina, mukampatsa amene wadya unzakewo, ndiye kuti mwamutsiriza. Kusiyana kwake kuli kunsi kwa chipewa chake, ndipo kumaoneka pa chithunzi cha m'buku lalikulu la bowa lija. Ndiyenera kuchiona ndi maso anga."

Mabuku a mtundu umenewo analipo atatu okha, dziko lililonse limodzi. Mayi Ndaziona anakuwa, ophunzira anagwetsa mashelefu, kukwera kudenga, mpaka analipeza. Mawu onse analimo, akuda ndi zala. Koma monga Siyeni ankaopera, masamba a zithunzi anali atang'ambidwa onse, psiti.

Anaimba foni Kuchigwa. A Kamtedza anatsokomola. Lawo analidula kale msana, masamba anaphikira tiyi, ndipo zithunzi zake zinali m'kompyuta yofundidwa nsalu ija.

Anaimba Kumapiri. A Chikadza anati lawo lilipo, lathunthu, silinagwidwepo ndi munthu. Anayesa kufotokoza chithunzicho pafoni. "N'chofiirira... ayi, chotuwirako... kapena tinene chachikasu chodera..." Siyeni anangoti, "Bambo, mukatero mundiphetsa munthu." Buku silikanatha kuwoloka mtsinje. Njira inali imodzi yokha: lipite Kuchigwa, makina a Kamtedza akatumize chithunzicho pa waya kuchipatala.

A Chikadza, munthu amene sanalolepo buku kudutsa pakhomo, anazungulira kabati ya bukulo. Anatsegula loko, kutsekanso, kutsegulanso. Kenaka anavula jekete lawo, kukulunga bukulo, kulikulunganso m'pulasitiki ya pampando, n'kutuluka m'mvula ndi malaya okha. Anakwera lole ya mbuzi, mbuzi zikuwakodzera m'nsapato, iwo atakumbatira buku pachifuwa ngati khanda. Lole itatitimira m'matope anatsika n'kuyenda wapansi, kugwa, kudzuka, mpaka anafika Kuchigwa milomo ili gwagwagwa. Buku linali louma, lopanda ndi dontho lomwe.

A Kamtedza anawalandira magetsi ali chizimire, jenereta ilibe mafuta, ndipo pamalo ogulitsira mafuta panali patadzaza madzi. Anatenga kapayipi, kukalowetsa m'thanki ya galimoto yawo, n'kuyamwa ndi pakamwa. Petulo anawalowa kukhosi, anasanzira suti yonyezimira ija, koma anayamwanso mpaka chigubu chinadzaza. Jenereta inalira. Kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsani bukulo, achimwene."

"Mukalitani?"

"Makinawa sameza buku lamsana."

"Ayi! Mayo ine, ayi! Dulani dzanja langali!"

"Dzanja lanu lilibe chithunzi cha bowa. Bweretsani!"

Khaa! A Chikadza anakhala pansi n'kulira ngati pamaliro. Tsamba linalowa m'makina, chithunzi chinayenda pa waya kudutsa pamwamba pa madzi olusa aja, n'kutulukira kuchipatala cha Kudambo. Siyeni anachiika pambali pa bowa uja, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, n'kuthamangira ku kabati ya mankhwala. Anabaya odwalawo jekeseni, ndipo asanamalize kupukuta thukuta, Mayi Nangozo anatsegula maso n'kupempha madzi.

Anachira, anzanga! Anachira ndithu!

Madzi atatsikako, a Chikadza ndi a Kamtedza anawoloka pabwato kudzaona wodwala. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anagwirana chanza n'kuyamika Mulungu. Ayi ndithu. Asanakhale n'komwe pansi, mkangano unabuka pambali pa bedi.

"Amayi, popanda ine bwenzi pano tikuimba nyimbo za maliro," anayamba a Chikadza. "Mwa mabuku atatu aja, lamoyo linali langa lokha. Awa analidya ngati makoswe, awa analiphikira tiyi. Munkandinena kuti ndine wouma mtima, koma kuuma mtima kwangako n'kumene kwakudzutsani."

"Likanakuthandizani chiyani lili tsidya lija, achimwene?" anatero a Kamtedza. "Mukanasambira nalo? Munayesa pafoni, chofiirira, chotuwirako, ngati mukusankha chitenje! Chimene chinawoloka mtsinje ndi waya wanga. Mpaka lero ndikageya ndikumva petulo."

"Tamverani abambo awa!" anaseka Mayi Ndaziona, manja m'chiuno. "Wina wabweretsa pepala, wina wabweretsa waya. Nanga pepalalo likanadziwerenga lokha? Amene anadziwa kuti kuli chithunzi choterocho ndani? Amene anabaya jekeseni ndani? Ndi mwana wa m'laibulale yanga yonunkhayo! Inu a Chikadza, chiyambire mwatulutsapo dokotala angati m'magalasi mwanumo?"

"Musandiyankhule inu, achemwali! Bowayo anadyera pakhomo pa yani? Zithunzizo anang'amba ana a yani?"

"Nanga amene anawotcha buku labwinobwino ndani?" anatero Mayi Ndaziona, akuloza a Kamtedza.

"Nanga amene..."

"Chete!" anatero Dokotala Siyeni. "Muno ndi m'chipatala." Kenaka anatembenukira kwa a Chikadza. "Bambo, mwandiiwala, koma ine sindinakuiwaleni. Ndili wophunzira ndinapeza zithunzi zathu zitang'ambidwa, ndiye ndinayenda ulendo wonse kubwera kwanu kuti ndidzazione. Munandinunkhiza manja n'kundithamangitsa chifukwa cha nsomba za amayi anga. Mukanandilola tsiku lija, bwenzi chithunzicho chili m'mutu mwangamu, ndipo bwenzi buku lanu lili ndi msana wake mpaka lero."

A Chikadza anayang'ana pansi. Koma Siyeni anali asanamalize.

"Inunso amayi anga a Ndaziona, munandilera, sindikana. Koma ulendo umenewo ndinauyenda chifukwa cha chisawawa cha kwanu. Ndipo inu a Kamtedza, tikanangokuimbirani foni kamodzi n'kuthana nazo, mukanakhala kuti simunawotche buku musanatsimikize kuti kompyuta yanu siifa."

Mayi Nangozo anadzuka pang'ono n'kutsamira pilo.

"Nonse mwandipulumutsa, ndipo nonse munatsala pang'ono kundipha," anatero. "Ndifunse chinthu chimodzi. Zimene zachitikazi zakuphunzitsani kanthu? Ndikakupatsani mabuku a amuna anga, musintha?"

A Chikadza anaimika khosi. "Ndaphunzira ndithu. Ndinatulutsa buku kamodzi kokha, onani zimene analichita. Masamba ake ndawatola, ndawamanga ndi chingwe, ndawatsekera. Kuyambira lero maloko akhala awiriawiri."

A Kamtedza anakonza tayi. "Inenso ndaphunzira kuti pepala silitha kuwoloka mtsinje. Mukandipatsa, onse alowa pansi pa mpeni sabata yomweyo. Malo osungira zinyalala ndilibe."

Mayi Ndaziona anatambasula manja. "Ine chitseko sindibwezeretsa, amayi, ndinganame. Ndikayamba kusecha ana m'matumba, a Siyeni a mawa adzaopa kulowa. Adzawerengedwa mabuku anuwo mpaka adzatha ngati sopo."

"Nanga chithunzi chija chinatuluka m'makina chili kuti?" anafunsa Mayi Nangozo. "Ndimafuna ndichione chimene chandipulumutsa."

Anachifunafuna patebulo, pansi pa bedi, m'kabati. Chinali chitapita. Wophunzira wina wa Kudambo amene anabwera kudzazonda odwala anali atachipinda n'kulowetsa m'thumba, poti mayeso anali pafupi.

Nthawi yomweyo panja panalira hutala. Analowa dalaivala wa lole, chipewa chili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anali atatumidwa ndi anansi a Mayi Nangozo.

"Pepani amayi, ndabwera ndi uthenga. Denga la nyumba yanu mbali ina lagwa. Mabuku tawapakira onse mulole, tafunditsa lona, koma lonayo ndi yobooka ndipo kumwambaku kwadanso. Pantoni yowolotsa galimoto yayamba kuyenda, moti kulikonse ndingathe kufika, koma ulendo ndi umodzi. Ndiye mundiuze, ndikhotere kuti?"

Mayi Nangozo anayang'ana a Chikadza, makiyi ali m'chiuno. Anayang'ana a Kamtedza, amene ankanunkhabe petulo. Anayang'ana Mayi Ndaziona, chitenje chikadali ndi madontho a masanzi awo. M'makutu mwawo munkamveka mawu a malemu: onse pamodzi, ku laibulale imodzi, kumene akakhale ndi moyo. Kunja kunagunda bingu.

Ine ndalekera pomwepa, anzanga, chifukwa ndikati ndiloze uku mtima ukundikokera uko, ndipo onse atatu akundinyansa mofanana. Kugawa mabuku n'kosatheka, malemu anakaniza. Kudikira n'kosatheka, mvula ikubwera. Oyesa aja musawawerengere, iwo anagawa kale zikho zawo n'kupita. Kiyi wa chipinda chathu ali m'chikwama cha Madamu, ndipo Lachisanu pa nthawi ya mtsutso ndikufuna ndimve pakamwa panu, inu a Fomu 1 amene mumanyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba, ndi inu a Fomu 4 amene mumabisa mabuku pansi pa matiresi.

Tandiuzani tsono: lole ija ikhotere kwa yani? Kwa a Chikadza, kumene mabuku sadzafa koma sadzawerengedwa? Kwa a Kamtedza, kumene adzadulidwa misana kuti mawu ake afike kutali, malinga magetsi ayake ndipo mphenzi isaombe? Kapena kwa Mayi Ndaziona, kumene adzabala madokotala kenaka n'kuthera pamsomali wa kuchimbudzi? Mukanakhala inu Mayi Nangozo, dalaivala ali chiimire chipewa m'manja, mukanati moyo wa buku uli kuti?